Kachitsulo kamene amakaniko amataya: kodi injini yozizira ndiyo yabwino?

Mukadzadutsa pa magalaja a m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pokhotera ku Bembeke mpaka pa boma pa Dedza, mudzasuzumire pamulu wa zitsulo zotayidwa. Pakati pa mabawuti adzimbiri ndi mapulagi akutha simulephera kupezapo kachitsulo kozungulira, kokwana m'chikhatho, kokhala ndi sipuling'i pakati. Dzina lake ndi thermostat. Tambiri mwa tizitsulo timeneti sitinawonongeke ayi. Tinachotsedwa tili bwinobwino, galimoto itangofika kumene kuchokera ku Japan.

Chifukwa chake mwina munachimvapo kale. "Bwana, akatu n'ka kwawo kozizira. Kuno n'kotentha, kangokuphikirani injini basi." Mawu amenewa ndawamva kangapo, ndipo chimene chimandiseketsa n'chakuti ena amawanena atavala majekete awiri, m'mwezi wa June, chifunga chitaphimba minda yonse ya kachewere. Ku Bembeke kotentha? Kuno kumene munthu umachita kukambirana ndi mtima wako usanakhudze madzi osamba m'mawa?

Kunja nakonso maganizowa aliko, kungoti avala suti. Anthu okonda magalimoto aliwiro, a mipikisano aja, sataya thermostat koma amagula ina yotseguka msanga. Injini zambiri za Toyota zimabwera ndi thermostat yoyamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo TRD, nthambi ya Toyota yopanga zipangizo za mipikisano, imagulitsa ina yotseguka pa madigiri 71. Makaniko wa pa Bembeke ndi mnyamata wa Subaru ku Johannesburg akuganiza chinthu chimodzi: injini ikazizira ndiye kuti zili bwino. Tiyeni tiwaweruze onse awiri ndi Physics yomwe mumaphunzira m'kalasi yomweyo.

Moto wa m'kati mwa injini

Injini ya galimoto ndi ng'anjo. Petulo akamapsa pamwamba pa pisitoni, kutentha kwake kumapitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu, chitsulo chimene amapangira hedi ya injini zambiri masiku ano, amasungunuka pa madigiri 660 okha. Mphamvu ya m'petulo simapita yonse ku matayala. Mongoyerekeza, tikaigawa patatu, gawo limodzi ndi limene limayendetsa galimoto, lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lachitatu limalowa m'zitsulo za injini. Gawo lachitatuli ndi limene madzi amayenera kulinyamula n'kukalitaya ku rediyeta.

Tengani pensulo. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yoposa pang'ono majulo 30 miliyoni, ndiye gawo la madzi likhala pafupifupi majulo 10 miliyoni. Galimoto yaing'ono imanyamula madzi okwana malita 6 kapena kuchepera apo. Mukukumbukira kuti kilogalamu imodzi ya madzi imafuna majulo 4,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Kuti malita 6 achoke pa madigiri 15 kufika pa 95, tichulukitsa 6 ndi 4,200 ndi 80, ndipo tipeza majulo 2,016,000. Ndiye kuti lita imodzi yokha ya petulo ikhoza kufikitsa madzi onsewo pafupi n'kuwira kasanu. Popanda rediyeta, Sienta yonyamula anthu pa Bembeke siingafike n'komwe pa Dedza ili moyo.

Madziwo amayenda chozungulira. Pampu imawakankhira m'timipata ta m'kati mwa injini, amatenga kutentha, amadutsa m'paipi kupita ku rediyeta, mphepo imawaziziritsa, n'kubwereranso. Thermostat imakhala pa njira imeneyi ngati mlonda wa pachipata. Injini ikakhala yozizira chipata chimakhala chotseka, madzi amangozungulira m'injini mokhamokha osapita ku rediyeta, kuti atenthe msanga. Akafika pa madigiri olembedwa pa kachitsuloko, chipata chimayamba kutseguka.

Ine chimene chimandisangalatsa pa kachipangizo aka ndi kuphweka kwake. Mulibe waya, mulibe batire. M'kati mwake muli kabotolo kachitsulo kodzaza ndi phula, lofanana ndi la kandulo koma losankhidwa kuti lisungunuke pa madigiri oikika. Phula likamasungunuka limafufuma kwambiri, ndiye limakankha kamtengo kachitsulo kamene kamatsegula valuvu. Madzi akazizirako phula limaumanso, limanyala, ndipo sipuling'i imabweza valuvu ija. Luso limeneli analitulukira ndi Sergius Vernet m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero magalimoto ambiri akuyendabe nalo. Mutu uja wa kufufuma kwa zinthu zikatenthedwa, umene ena mumauloweza usiku wa mayeso, ndi womwewu uli pansi pa boneti.

Onaninso kuti valuvuyo sitseguka kamodzi n'kamodzi. Ya 82 imayamba pang'onopang'ono pa 82, ndipo imatseguka yonse madzi akafika cha m'ma 95. Pakati pamenepa imangosinthasintha, kutsegulako, kutsekako, malinga ndi mmene injini ikugwirira ntchito.

Chitunda cha Khwekhwelere

Kuti tione ngati thermostat yozizirirapo imaletsa injini kuwira, sitifunika bwalo la mipikisano. Tili ndi msewu wochokera ku Golomoti kukwera mpaka pa Masasa, umene ambiri amautcha Khwekhwelere. Galimoto imanyamuka kuchigwa, kufupi ndi nyanja imene ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, n'kukwera mokhotakhota kufika kumapiri kuno kumene Bembeke yakhala pa mamita pafupifupi 1,600. Giya yotsika, katundu wodzaza, liwiro lochepa kotero kuti mphepo yowomba rediyeta ndi yochepanso. Amene anakwerapo minibasi pamenepa m'mwezi wa October anaonapo galimoto itaima m'mbali, boneti ili yasa, kondakitala akuthamanga ndi chigubu kukasaka madzi.

Tiyerekeze magalimoto awiri ofanana ndendende. Ina ili ndi thermostat ya 82, ina ya 71. Pa msewu wa fulati wa ku Golomoti, yoyamba ikuyenda madzi ali cha m'ma 85, yachiwiri cha m'ma 75. Mpaka apa mwini wa yachiwiri akhoza kudzitama. Koma chitunda chikayamba, injini zonse ziwiri zimapanga kutentha kochuluka, madzi amakwera, ndipo posakhalitsa mavaluvu onse awiri amakhala atatseguka kotheratu. Kuyambira pamenepo magalimoto awiriwa sakusiyananso chilichonse. Chipata chotseguka ndi chotseguka basi, kaya chinatsegulidwa 6 koloko kaya 7 koloko. Chimene chikulamulira tsopano ndi kukula kwa rediyeta, ukhondo wake, mphamvu ya pampu ndi mphepo imene ikudutsa.

Mfundo yaikulu ya nkhani yonseyi ndi imeneyi. Thermostat imaika malire a pansi, kuti injini isazizire kupitirira pamenepo. Malire a pamwamba siikhudzana nawo.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Rediyeta imataya kutentha malinga ndi kusiyana kwa madzi a m'kati ndi mpweya wa kunja. Isaac Newton analemba lamulo limeneli kalekale, ndipo inu mumaliona tsiku lililonse: phala lotentha kwambiri limazizira mofulumira poyamba, kenako limachedwa likamayandikira kutentha kwa m'nyumba. Ku Golomoti, mpweya utakhala pa madigiri 35 ndipo madzi pa 95, kusiyana kwake ndi 60. Madzi atakhala pa 71, kusiyana kwake ndi 36 kokha. Ndiye kuti rediyeta yomweyo imataya kutentha kochepa kwambiri madzi akakhala ozizirirapo. Kufuna kuti injini yolimbana ndi chitunda ikhale pa 71 kuli ngati kuuza munthu kuti atunge madzi ambiri koma n'kumupatsa ndowa yaing'ono. Madziwo adzakwerabe mpaka pamene kutentha kotuluka kukufanana ndi kolowa.

Wina anena kuti, "Komabe yachiwiri ija inayamba chitunda ili yozizira ndi madigiri 11, sizithandiza zimenezo?" Zimathandiza, koma tiyeni tione kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Malita 6 kuchulukitsa ndi 4,200 ndi 11 ndi majulo 277,200. Tingoyerekeza kuti rediyeta yatsekeka pang'ono ndipo ikulephera kutaya majulo 5,000 pa sekondi iliyonse. Gawani 277,200 ndi 5,000. Masekondi 55. Mukawonjezera zitsulo za injini, zimene nazonso zimasunga kutentha, mupeza mphindi zochepa chabe. Khwekhwelere sukwera mphindi ziwiri, anzanga.

Nanga a mipikisano aja ndi opusa?

Ayi ndithu. Kwa iwo mphindi zochepazo ndi mpikisano wonse. Pali mtundu wina wa mpikisano umene magalimoto amathamanga mamita 402 okha pa msewu woongoka, ndipo umatha m'masekondi owerengeka. Kuyamba injini ili yozizirirapo pamenepo n'kwanzeru.

Chifukwa chachiwiri n'chozama pang'ono. Mu injini ya petulo, moto umayenera kuyamba pa pulagi n'kufalikira mwadongosolo. Hedi ikatentha kwambiri, petulo wotsala m'mbali amatha kuphulika yekha moto usanamufike, ndipo injini imamveka ngati muli timiyala m'chitini. Madalaivala amati injini ikunoka. Kunoka kumawononga mapisitoni, choncho kompyuta ya galimoto ikamva phokoso limeneli imachedwetsa moto wa pulagi, ndipo mphamvu imatsika. Injini za turbo, zimene zimapanikizira mpweya wambiri m'kati, ndi zimene zimavutika kwambiri ndi zimenezi. Hedi yozizirirapo imachepetsa kunoka, ndipo kompyuta imalola mphamvu yonse. Koma amene amachita zimenezi mwadongosolo sasintha thermostat yokha. Amaika rediyeta yaikulu, amasintha mapulogalamu a kompyuta, amasinthanso madigiri amene fani imayakira. Pa magalimoto ambiri fani yamagetsi imayaka madzi akafika cha m'ma 95, ndiye ngati mwaima pa mzere wa magalimoto ku Lilongwe, thermostat ya 71 singachite kanthu, madzi akwerabe mpaka fani iyake. Komanso anthu a mipikisano amasintha oyilo pafupipafupi, ndipo sayembekezera kuti injini iwasunge zaka khumi. Probox ya amalume anu yonyamula matumba a kachewere ili pa ntchito ina.

Mtengo wa injini yozizira

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza thumba. Petulo sapsa bwino akakhala wamadzimadzi, amayenera kusanduka nthunzi kaye. Mu injini yozizira petulo wina amamatirira m'zipupa osasanduka nthunzi, choncho kompyuta imathira wowonjezera kuti moto usazime. Imachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa mphindi zingapo, ndipo injini ikatentha imasiya. Tsono mukachotsa thermostat, madzi amapita ku rediyeta kuyambira sekondi yoyamba. M'mawa wa July kuno, mpweya uli pa madigiri 10 kapena kutsikirapo, injini ikhoza kuyenda ulendo wonse osafika pamene inayenera kufika. Kompyuta imangoganiza kuti kukadali m'mawa, n'kumathirabe petulo. Ndi mmene mafuta akwerera mtengo, mwinanso mutagona pa mzere kuti muwapeze, kutaya kumeneku n'kopweteka.

Petulo wosapsayo samangotuluka ndi utsi. Wina amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni, n'kutsuka oyilo amene amateteza zitsulo kuti zisakhulane, kenako n'kukasakanikirana ndi oyilo pansi.

Palinso madzi. Izi a Chemistry muzidziwa: petulo ndi kaboni ndi haidrojeni, ndipo haidrojeni akapsa amapanga madzi. Lita imodzi ya petulo imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, ngati nthunzi. N'chifukwa chake m'mawa mumaona ekizozi ikudontha. Nthunzi ina imalowa kumene kuli oyilo. Injini ikatentha bwino madziwo amauluka n'kutuluka, koma ikamangokhala yozizira amaunjikana, ndipo oyilo amasanduka phala loyererako limene mungalione kunsi kwa chitsekerero chothirira oyilo. Oyilo wozizira amakhalanso wolimba, sayenda msanga, ndipo zitsulo za injini anazipima kuti zikwanirane bwino zitafufuma ndi kutentha. Kuperepeseka kwambiri kwa injini kumachitika ili yozizira. Vuto lake n'lakuti sikuoneka lero. Geji imakhala pansi, mwini wake amasangalala, ndipo patapita chaka kapena ziwiri galimoto ikayamba kufuka utsi wabuluu palibe amene amakumbukira kachitsulo kanatayidwa kaja.

China n'chokhudza moyo weniweni. Hita ya galimoto imatenga kutentha kwake ku madzi a injini omwewo, ndipo mpweya wofunda umenewo ndi umene umachotsa nthunzi pa galasi la kutsogolo. Pa M1 cha ku Dedza kuno, chifunga chikagwa m'bandakucha, dalaivala wopanda hita amayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta galasi ndi kansalu, pamsewu pali njinga, ana asukulu ndi amayi opita kumsika. Potsika Khwekhwelere ndiye zimanyanya, chifukwa injini sikugwira ntchito yambiri koma rediyeta ikuziziritsabe madzi onse, ndipo muvi wa geji umagweratu pansi.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti pa injini zina kuchotsa thermostat kumawiritsa injini m'malo moiziziritsa. Paja tinati injini ikakhala yozizira madzi amazungulira m'kati mokhamokha kudzera pa njira yachidule. Thermostat zambiri zili ndi kambale kachiwiri kunsi, kamene kamatseka njira yachiduleyo valuvu yaikulu ikatseguka. Mukachotsa zonse, njira yachidule imakhala yotseguka mpaka kalekale, ndipo madzi, ngati ana asukulu odutsa m'munda mwa eni, amasankha njira yaifupi. Ena mwa iwo safikanso ku rediyeta.

Za ku Japan kozizira zija nazo sizikumveka. Ku Tokyo m'mwezi wa August kumatentha kupitirira madigiri 30 masiku ambiri. Toyota Hilux imene amapangira ku Durban imatuluka ndi thermostat, ndipo magalimoto oyenda m'chipululu ku Dubai ali nayonso.

Ndiye amakaniko athu anazitenga kuti? Ndiyenera kuwachitira chilungamo. Thermostat imawonongeka ndithu, ndipo ikakanirira ili yotseka, injini imawira m'mphindi zochepa, hedi ikhoza kupindika ndipo gasiketi n'kupsa. Makaniko amene wakupezani pa Khwekhwelere usiku n'kuichotsa kuti mufike kunyumba wakuthandizani kwambiri. Anaona ndi maso ake kuti atachotsa kachitsuloko vuto linatha, ndipo pa galimoto imeneyo zinali zoona. Cholakwika chimabwera pamene chithandizo cha usiku umodzi chasanduka lamulo la galimoto iliyonse, ndipo yatsopano siikubwezeretsedwa.

Nthawi zambiri wopalamula amakhala wina. Madzi a pamjigo amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo, ndipo timipata ta m'rediyeta n'tating'ono kwambiri, sitichedwa kutsekeka. Madzi okhaokha amadyetsanso zitsulo dzimbiri, n'chifukwa chake pamafunika kulanti, amene kuwonjezera pa kuletsa dzimbiri amakwezanso madigiri owirira. Kunja kwa rediyeta kumamata matope, udzu ndi tizilombo. Fani imafa, lamba amakhwepa, pampu imatha mano.

Koma wopalamula amene ndimafuna mumudziwe bwino, inu a kumapiri kuno, ndi chitsekerero cha rediyeta. Madzi amawira pa madigiri 100 pa mlingo wa nyanja zamchere pokha. Mukamakwera, mpweya wopanikiza pamwamba pa madzi umachepa, ndipo mamita 300 aliwonse amachotsapo pafupifupi digiri imodzi. Pa Bembeke madzi amawira cha pa 95, ndipo n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kuno kusiyana ndi ku Salima. Tsono taonani: 95 ndi pamene injini yabwinobwino imafika ikamakwera chitunda. Chimene chimaletsa madziwo kuwira ndi chitsekerero chija. Chili ndi sipuling'i yake imene imasunga puresha m'kati, ndipo pamwamba pake pamalembedwa nambala ngati 0.9 kapena 1.1. Ndi chitsekerero cha 0.9 cholimba bwino, madzi sawira mpaka atapitirira madigiri 115, ngakhale kuno kumtunda. Labala yake ikang'ambika, kapena wina akatsekapo ndi chisanza, puresha yonse imathawa ndipo injini yopanda vuto lililonse imawira pa 95. Mwini wake amataya thermostat, pamene chofunika kusintha chinali chitsekerero chotchipa.

Pa chifukwa chomwechi, musadzayerekeze kutsegula chitsekerero chimenechi injini ili yotentha, ngakhale dalaivala atakutumani. Madzi a m'katimo akhoza kukhala pa madigiri 110 osawira chifukwa cha puresha. Mukangopotokola, onse amawira nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso.

Yesani nokha

Thermostat ndi chimodzi mwa zipangizo zochepa za galimoto zimene mwana wa sukulu angathe kuziyesa popanda sipanala. Pemphani yakale pa galaja, sangakumaneni poti anataya kale. Werengani nambala yodindidwa pamphepete pake. Pemphani aphunzitsi a sayansi thermometer yofika madigiri 110, mphika kapena bika yaikulu, ndi moto. Mangirirani thermostat ku ulusi kuti ilendewere m'madzi osakhudza pansi pa mphika, chifukwa pansi pamatentha kuposa madziwo ndipo mungawerenge zabodza. Thermometer nayonso isagunde pansi.

Tenthetsani pang'onopang'ono mukutakasa. Lembani madigiri amene valuvu yayamba kusuntha. Ngati ili bwino, ya 82 iyamba pakati pa 80 ndi 84, ndipo madzi akamayandikira kuwira idzakhala itatseguka pafupifupi sentimita imodzi. Ivuuleni ndi ulusi uja, musaigwire, ndipo muione ikutsekeka yokha pamene ikuzizira. Ikakana kutseguka, makaniko uja analondola. Ikatseguka bwinobwino, ibwezeni kwa mwini galaja mumuonetse zimene mwalemba, mwaulemu wake, poti ndi akuluakulu.

Madziwo akafika pobwata musazimitse moto msanga. Werenganinso thermometer ndipo mulembe nambalayo. Amene muli ndi anzanu ku Golomoti, ku Salima kapena ku Nsanje muwauze achitenso chimodzimodzi kwawoko, kenako mufananize manambala anu.